Gitala Ikumveka Bwino M'chipinda Koma Zojambula Zikutuluka Zoipa: Kuthetsa Mavuto Pojambula Fingerstyle Kunyumba

Dandaulo limene ndalimva kambirimbiri kwa anthu oyimba gitala mwa fingerstyle, kutanthauza kuliza nsambo imodziimodzi ndi zala m'malo mozikhwacha zonse pamodzi, ndi lakuti nyimbo imamveka bwino pamene akuiyimba, koma akaijambula n'kuitumiza kwa anzawo kuti anenepo maganizo awo, mayankho onse amangokamba za phokoso, kuchepa kwa mawu kapena kugunda kwa besi. Za kayimbidwe kenikeniko, zimene mwiniwakeyo amafunitsitsa kumva, palibe amazitchula. Izi zimachitika chifukwa fingerstyle ndi kayimbidwe kofatsa: chala chachikulu chimayendetsa besi, zala zinazo zimanyamula nyimbo, ndipo mawu ake ndi otsika moti cholakwika chilichonse cha m'chipinda kapena cha chipangizo chimabwera poyera.

Pa vuto lililonse ndayamba ndi chimene chimaliyambitsa kawirikawiri, n'kumatsika mpaka chimene chimachitika mwa apo ndi apo. Muziyesa motsatira ndondomekoyo, ndipo muzisintha chinthu chimodzi chokha pa nthawi imodzi, kenako n'kujambula chigawo chomwecho cha nyimbo kwa masekondi 30 ndi kuchimvera pa mahedifoni. Mukasintha zinthu zitatu pamodzi vuto n'kutha, simudzadziwa chimene chathandiza, ndipo mawa lake lidzabweranso.

1. Besi ikugunda mpaka kuphimba nyimbo

Ili ndiye vuto lofala kuposa onse, ndipo nthawi zambiri limatha popanda kugula kanthu.

- Mayikolofoni yaloza pabowo la gitala. Ambiri amaganiza kuti mawu onse amatulukira pabowo, koma chimene chimatuluka kwambiri pamenepo ndi kugunda kwa mpweya wa m'mimba mwa gitala, kumene pa magitala ambiri kumakhala pafupi ndi 100 Hz (Hz ndi muyeso wa kutsika kapena kukwera kwa mawu; nambala ikachepa, mawu ndi otsika). Kuti mutsimikize, imbani notsi ya G pa fret yachitatu (ma fret ndi tizitsulo topingasa pa khosi la gitala) ya nsambo yaikulu, yomwe imalira pa 98 Hz. Ngati notsi imeneyi ikufufuma kuposa zoyandikana nazo, mwalipeza vuto. Sunthani mayikolofoni kuti iloze pamene khosi la gitala lakumana ndi thupi lake, cha pa fret ya 12 kapena ya 14, pa mtunda wa masentimita 20 mpaka 30.
- Mayikolofoni yayandikira kwambiri. Mayikolofoni zimene zimamva mbali imodzi, za mtundu wa cardioid, zimawonjezera besi zikamayandikira chimene zikujambula. Bwererani m'mbuyo masentimita 10 ndipo mujambulenso.
- Mwakhala pakona. Mawu otsika amaunjikana m'makona ndi m'mphepete mwa makoma, choncho sunthani mpando kuti utalikirane ndi khoma.
- Chala chachikulu chikulemera kuposa zinzake. Ngati mwasuntha mayikolofoni koma besi ikulamulirabe, ndiye kuti zojambulazo zikunena zoona za dzanja lanu, ndipo ntchito yatsala ndi yophunzira kupepuza chalacho kapena kugwiritsa pang'ono mphepete ya chikhato pa nsambo zazikulu.

Mukatha zonsezi mungathe kudula mawu otsikitsitsa pa pulogalamu yojambulira pogwiritsa ntchito high-pass filter, koma samalani malo odulira. Nsambo yaikulu ikachunidwa mwa nthawi zonse imalira pa 82 Hz, motero kudula cha pa 70 Hz sikuwononga kanthu. Oyimba fingerstyle ambiri amatsitsa nsamboyi kufika pa D, monga pa kachunidwe ka drop D ndi DADGAD, ndipo pamenepo imalira pa 73 Hz. Mukatero dulani cha pa 60 Hz, apo ayi mudzachotsa mizu ya nyimbo yanu yomwe.

2. Mawu akumveka ngati akuchokera patali kapena m'chipinda chopanda katundu

Choyambitsa chachikulu ndi mtunda. Foni ikaikidwa mamita awiri kutali n'cholinga chakuti thupi lonse lioneke pa vidiyo, imajambula mawu obwerera kuchokera m'makoma mochuluka kuposa mawu a gitala enieni. Mukachepetsa mtunda ndi theka, mawu ochokera ku gitala amakwera ndi pafupifupi 6 dB (dB ndi muyeso wa mphamvu ya mawu) pamene a chipinda sasintha kwenikweni, ndipo palibe pulogalamu imene ingakupatseni phindu lotere. Ngati mukufuna chithunzi cha patali, jambulani mawu ndi chipangizo china chapafupi, n'kudzaziphatikiza pambuyo pake.

Chachiwiri ndi chipindacho. Ombani m'manja kamodzi mwamphamvu mutakhala pamene mumayimbira, ndipo mumvetsere: ngati mukumva kamawu kotsalira kolira ngati chitsulo, ndiye kuti mawu akudumphadumpha pakati pa makoma awiri osalala oyang'anizana. Chipinda chogona chokhala ndi matiresi, makatani ndi zovala chimaposa chipinda chachikulu cha matailosi. Yalani kalipeti pansi pakati pa inu ndi mayikolofoni, ndipo mupachike bulangete lokhuthala kumbuyo kwanu, popeza mayikolofoni yoloza kwa inu imatolanso zonse zobwerera kuchokera kukhoma la kumsana kwanu. Zoikamo mazira zimene ena amamata pakhoma sizithandiza kanthu kogwirika, ndipo siponji yopyapyala imangomeza mawu okwera n'kusiya otsika ali chigundire.

3. Pali phokoso losalekeza pansi pa nyimbo

Pano m'pofunika kudekha, chifukwa phokoso lilipo la mitundu ingapo ndipo uliwonse uli ndi mankhwala ake. Jambulani masekondi 10 musanakhudze gitala, kwezani mawu, ndipo mumvetsere kuti ndi phokoso lanji.

*Ngati likumveka ngati mpweya wotuluka m'tayala:*

- Mwajambula motsika kwambiri kenako n'kukweza mawu onse pamodzi, ndipo phokoso la chipangizo lakwera nawo. Yandikizani mayikolofoni kaye, ndipo mukweze gain, kutanthauza mphamvu ya mawu olowa m'chipangizo, mpaka notsi zamphamvu zizifika pakati pa -12 dB ndi -6 dB pa mita ya pulogalamu, imene malire ake apamwamba ndi 0 dB.
- Fani ya laputopu ili pafupi. Iikeni kumbuyo kwa mayikolofoni, kumene cardioid simamva kwenikweni, kapena patali momwe nthambo ingafikire.
- Mukugwiritsa ntchito mayikolofoni ya dynamic, imene imafuna gain yambiri kuti imve kayimbidwe kofatsa. Ya condenser imayenera bwino pa fingerstyle, koma yokhala ndi pulagi ya XLR imafuna magetsi a 48V ochokera ku audio interface (kabokosi kolumikiza mayikolofoni ndi kompyuta), ndipo ambiri amaiwala kudina batani lake n'kumaganiza kuti mayikolofoni yafa.

*Ngati likung'ung'udza motsika mosasinthasintha:*

Limeneli kawirikawiri ndi la magetsi a m'nyumba, amene amayenda pa 50 Hz ku Africa, ku Europe ndi m'mayiko ambiri a ku Asia, ndipo pa 60 Hz ku North America. Zulani chaja cha laputopu kuti iyendere batire. Phokoso likasiya, gwero lake ndi chajacho kapena mmene zipangizo zalumikizirana ndi nthaka kudzera m'masoketi osiyana, ndipo kuzilumikiza zonse pa soketi imodzi kumathandiza. Likapitirira, siyanitsani nthambo ya mayikolofoni ndi nthambo za magetsi, yesani nthambo ina, ndipo muzimitse magetsi owunikira amene ali ndi chochepetsera kuwala. Musaiwale firiji. Ine ndinataya madzulo athunthu ndikusinthasintha nthambo, mpaka pamene firiji ya kuseri kwa khoma inazima yokha, chipinda chonse n'kungoti zii. Khutu linali litazolowera kulira kwake kwa zaka moti silinkakumvanso, koma mayikolofoni siizolowera kanthu.

*Ngati likubwera mwa apo ndi apo ngati kulira kwa tizilombo:* ndi foni imene ikulumikizana ndi netiweki pafupi ndi nthambo. Iikeni pa airplane mode.

Lekani pomwepo ndipo muitane katswiri wa zamagetsi ngati mukumva kunyerenyetsa kapena kugwidwa pang'ono mukakhudza mayikolofoni, nsambo kapena chitsulo cha chipangizo, ngati pulagi ikutentha, kapena ngati mukumva fungo la pulasitiki yopserera. Pali malangizo oipa amene amafala akuti kuchotsa dzino la earth pa pulagi kumathetsa kung'ung'udza. Nthawi zina phokoso limathadi, koma dzino limenelo ndi limene limateteza moyo wanu chipangizo chikawonongeka mkati, choncho musalichotse ngakhale pongoyesa.

4. Mawu akusasa kapena kuthetheka

Siyanitsani zinthu ziwiri. Ngati kusasako kukubwera pa notsi zamphamvu zokha, makamaka pamene mukumenya thupi la gitala kapena kuwomba nsambo ndi chala chachikulu, ndiye kuti mawu afika pa 0 dB n'kudukira pamwamba. Zimenezi sizikonzeka bwino pambuyo pojambula, choncho tsitsani gain ndi kujambulanso. Poyesa mulingo imbani chigawo chaphokoso kwambiri cha nyimboyo, osati chiyambi chake chofatsa, ndipo musankhe 24-bit m'makonzedwe a kajambulidwe ngati chipangizo chikulola, chifukwa pamenepo mungajambule motsikirapo popanda kutaya ubwino wa mawu.

Ngati kuthethekako kukubwera mosasamala za zimene mukuyimba, yang'anani izi:

- Buffer ya pulogalamu, kagawo ka mawu kamene kompyuta imakonza pa nthawi imodzi, yachepa kwambiri ndipo kompyuta ikulephera kuthamanga nayo. Ikwezeni kufika pa 256 kapena 512, ndipo mutseke mapulogalamu ena onse.
- Audio interface yalumikizidwa kudzera pa kabokosi kogawira madoko a USB. Ilumikizeni mwachindunji pa kompyuta.
- Batire ya 9V ya mkati mwa gitala, ngati ili ndi pickup (kachipangizo kotola mawu a gitala n'kuwatumiza pa nthambo) yoyendera batire, yatsala pang'ono kutha. Batire yotere isanafe imayamba ndi kusasitsa mawu, ndipo pa magitala ambiri imapitiriza kudyeka nthawi yonse imene nthambo ili chilowere.
- Nthambo yathothoka mkati. Igwedezeni pafupi ndi pulagi uku mukumvetsera.

5. Notsi zikuzimirira msanga, kapena mawu akukwera ndi kutsika okha

Vuto limeneli ndi la mafoni ndi mapulogalamu oyimbirana pa intaneti, amene anapangidwira mawu a munthu wolankhula. Notsi ikamalira motalika, pulogalamu imaiyesa phokoso la fani n'kuichotsa, ndipo mukayimba mofatsa imakweza mawu yokha, mukayimba mwamphamvu imawatsitsa, motero kusiyana konse kumene munakugwirira ntchito kumafafanizika. Fufuzani m'makonzedwe a pulogalamuyo ndi kuzimitsa zochotsa phokoso ndi zosintha mulingo wa mawu paokha. Pa Zoom pali makonzedwe otchedwa Original sound for musicians amene amachita zimenezi. Musajambule ndi mayikolofoni ya mahedifoni a Bluetooth, ndipo musajambule ngati uthenga wa mawu wa pa WhatsApp. Ngati inu eni munagwiritsa ntchito chochotsera phokoso cha pa pulogalamu ya Audacity ndipo notsi zayamba kumveka ngati zili m'madzi, mwachipyoza muyeso. Kaphokoso kochepa kotsala n'kabwino kuposa gitala yowonongeka mawu.

6. Zala zikulira pa nsambo, zikhadabo zikukanda, kapena china chake chikunjenjemera

Apa vuto lachoka pa chipangizo n'kubwera pa manja ndi pa gitala.

Kulira kwa zala kumachitika pa nsambo zokulungidwa ndi waya pamene dzanja lakumanzere likusuntha lisananyamuke. Nsambo zatsopano zimalira kwambiri masiku oyamba, choncho ndi bwino kuzisintha masiku angapo tsiku lojambula lisanafike. Nsambo zokutidwa, zimene zimagulitsidwa ngati coated, zimachepetsa vutoli, ndipo kupendeketsa mayikolofoni pang'ono kuti iloze ku thupi la gitala osati ku khosi kumathandizanso. Chithandizo chenicheni komabe ndi kuphunzira kunyamula chala kaye kenako n'kusuntha. M'maganizo anga simuyenera kukuchotsa konse, pakuti kulira pang'ono kwa zala ndi mbali ya mawu a gitala; kumafunika kukonzedwa pokhapokha ngati kukuposa notsi.

Mawu okanda kapena othwanima mopweteka khutu amachokera ku zikhadabo zokhakhala m'mphepete. Yendetsani chikhadabo pa nsalu yosalala, ndipo chikakola paliponse, chipaleni ndi chopalira chofewa mpaka chiterere. Yang'ananinso mabatani a malaya, lamba ndi wotchi, zimene zimagogoda kumbuyo kwa gitala inu osazindikira.

Kunjenjemera kumene kumamveka ngati "zzz" kuli ndi magwero angapo:

- Chala sichikutsindira pafupi ndi fret, kapena chikutsindira mofooka. Ngati phokoso likutha mukatsindira bwino, gitala ilibe mlandu.
- Chinachake chamasuka: nati ya pa chochunira, mchira wa nsambo wosadulidwa, kapena waya wa pickup mkati. Lizani notsi yovutayo ndipo mugwire zinthu zimenezi chimodzichimodzi mpaka phokoso litasiya.
- Mwatsitsa kachunidwe ndipo nsambo zalendewera, choncho zikukhudza ma fret. Nsambo zokulirapo pang'ono zimathandiza.
- Mtengo wa gitala wasintha ndi nyengo. Gitala imakhala bwino pa chinyezi cha mumpweya cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Kukauma kwambiri nkhope yake imatsika, nsambo zimayandikira ma fret, ndipo nsonga za ma fret zimayamba kubaya m'mbali mwa khosi.

Pitani nayo kwa mmisiri wokonza magitala ngati mwaona mng'alu pa thabwa, ngati bridge, kathabwa kogwira nsambo pa nkhope ya gitala, yayamba kunyamuka moti pepala likulowa pansi pake, ngati mukagogoda nkhope ya gitala mukumva chinthu chikuphaphatika mkati, kapena ngati kunjenjemera kuli pa fret imodzi yokha, zimene zimasonyeza fret yonyamuka kapena yodyeka. Bridge ikanyamuka masulani nsambo nthawi yomweyo ndipo musathirepo guluu wanu. Chitsulo cha mkati mwa khosi, truss rod, musachipotokole ngati simunaphunzirepo. Ngati mukudziwa, musapyole kota ya mzungulo pa nthawi imodzi, ndipo chikalimba musachikakamize, chifukwa chikathyoka kukonza kwake ndi ntchito yaikulu.

7. Mawu ndi opyapyala kapena akumveka ngati apulasitiki

Ngati mwalumikiza gitala mwachindunji ndi nthambo, zimene mukumva ndi pickup ya piezo ya pansi pa saddle (kachidutswa ka pa bridge kamene nsambo zimatsamirapo), imene imamva kunjenjemera kwa nsambo kuposa kulira kwa thupi la gitala. Onetsetsani kuti mwadina batani la INST kapena Hi-Z pa audio interface, popeza piezo yopanda batire ikalowa pa doko wamba imataya besi. Ngakhale zili choncho, pofuna maganizo a anthu pa kayimbidwe kanu, mayikolofoni imodzi yoikidwa bwino imanena zoona kuposa pickup.

Ngati mwagwiritsa ntchito mayikolofoni ziwiri, kapena mayikolofoni pamodzi ndi pickup, vuto lingakhale lakuti mawu akufika pa ziwirizo pa nthawi zosiyana pang'ono n'kumafafanizana. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, motero kusiyana kwa masentimita 30 kumabweretsa kuchedwa kwa pafupifupi milisekondi imodzi, ndipo kumeneko n'kokwanira kudya mbali ina ya mawu. Mverani zojambulazo mu mono, kutanthauza mawu a njira ziwirizo ataphatikizidwa kukhala amodzi: besi ikasowa, dinani batani la polarity, lotembenuza funde la mawu, pa njira imodzi, kapena ikani mitu ya mayikolofoni ziwirizo pamodzi mopingasa, mwa njira yotchedwa XY. Kuyesa mu mono n'kofunika chifukwa ambiri mwa amene mudzawatumizire adzamvera pa sipika ya foni.

8. Mawu akuchedwa m'mahedifoni, kapena sakugwirizana ndi vidiyo

Kuchedwa kwa m'mahedifoni kumachokera ku buffer yaikulu: pa 48 kHz, buffer ya 128 imachedwetsa mawu ndi milisekondi zosakwana zitatu ulendo umodzi, pamene ya 1024 imapitirira milisekondi 21. Yatsani direct monitoring pa audio interface, kuti muzimva mawu asanadutse mu kompyuta, kapena ingovulani mahedifoni ngati mukuyimba nokha popanda nyimbo ina yoti muziitsatira. Mahedifoni a Bluetooth amachedwa kwambiri ndipo sayenera pa ntchito imeneyi.

Pophatikiza mawu ndi vidiyo, ombani m'manja kamodzi kamera ikuona musanayambe kuyimba, kuti mudzapeze pogwirizanitsira. Ngati zikugwirizana poyamba koma n'kumasiyana pang'onopang'ono, jambulani mawu pa 48 kHz, umene ndi mulingo wa mavidiyo, ndipo ngati sizikuthabe, dziwani kuti mafoni ambiri amasinthasintha liwiro la zithunzi pojambula. Pulogalamu yaulere ya HandBrake imatha kuisandutsa vidiyo kuti ikhale ya liwiro lokhazikika.

9. Zinali bwino pa kompyuta, koma zawonongeka mutatumiza

Mapulogalamu otumizirana mauthenga amafinya mavidiyo kuti achepe, ndipo mawu okwera a nsambo ndi amene amayamba kuvulala. Tumizani fayilo ngati document, kapena iikeni pa Google Drive n'kutumiza ulalo wake. Fayilo ya WAV ya stereo pa 48 kHz ndi 24-bit imadya pafupifupi 17 MB pa mphindi iliyonse; ikakula kwambiri, MP3 ya 256 kapena 320 kbps ndi yokwanira. Nthawi zonse tulutsani MP3 kuchokera ku fayilo yoyambirira, osati kuchokera ku MP3 ina, chifukwa kufinya kulikonse kumachotsa kanthu kosabwerera.

Anthu akamadandaula kuti mawu ndi otsika, kwezani zojambula zonse mpaka notsi yamphamvu kwambiri ifike pa -1 dB, koma musazifinye mopyola muyeso ndi compressor, chochepetsa kusiyana kwa notsi zofatsa ndi zamphamvu, pofuna kufanana ndi nyimbo za m'masitudiyo. YouTube imatsitsa yokha zojambula zaphokoso kwambiri kufika cha pa -14 LUFS (muyeso wa mphamvu ya mawu a nyimbo yonse), choncho mukafinya mudzataya kufatsa kwa nyimbo popanda phindu.

10. Mwatumiza, koma palibe akuyankha, kapena onse akungoti "zili bwino"

Chofala kwambiri n'chakuti simunafunse funso. Munthu amene walandira nyimbo ya mphindi zisanu ndi mawu akuti "mukuiona bwanji" alibe poyambira, ndipo mwaulemu amangoyamikira. Tumizani chigawo cha mphindi imodzi kapena ziwiri, tchulani kachunidwe ndi pamene mwaika capo (chopanira nsambo zonse pa fret imodzi), ndipo mufunse chinthu chimodzi chodziwika, monga ngati nyimbo ikumveka pamwamba pa besi kuyambira pa sekondi ya 40, kapena ngati liwiro likuthamanga pofika pa kolasi.

Chachiwiri n'chakuti mwabisa zimene mukufuna kuti aweruze. Reverb, kulira kwa chipinda kowonjezera ndi pulogalamu, ikachuluka imaphimba notsi zodukaduka, ndipo kudula ndi kulumikiza zigawo zabwino zokhazokha kumachotsa zolakwika zimene mphunzitsi akanakuthandizani nazo, motero pofuna uphungu tumizani zimene mwayimba ulendo umodzi, zopanda zokometsera. Ngati ndi vidiyo, kamera ione manja onse awiri, makamaka lamanja kuchokera chakutsogolo pang'ono, pakuti mmene dzanja lapindikira ndi mmene chala chachikulu chikugwera pa nsambo sizimveka ndi khutu. Chunani gitala musanajambule ulendo uliwonse, ndipo muichunenso mukaika capo, popeza capo imakoka nsambo n'kukweza mawu pang'ono.

Pali chinthu chimodzi chimene simuyenera kufunsira kwa anthu a pa intaneti. Ngati pobwereza chigawo chimodzi kambirimbiri kuti chijambulike bwino mwayamba kumva dzanzi m'zala, kuwawa kobaya pa mfundo ya dzanja, kapena ululu umene sukutha ngakhale mutapuma masiku angapo, ikani gitala pansi ndipo mukaonane ndi dokotala kapena katswiri wa mafizo musanayambirenso kujambula.